Godfrey Chitalu: zigoli zake zidalembedwa, imfa yake idasiyidwira mphekesera

Usiku wa pa 27 April 1993, ndege ya asilikali a dziko la Zambia idanyamuka pabwalo la ndege la Libreville ku Gabon, koma siidapite patali. Patangotha mphindi zochepa idagwera m'nyanja ya mchere ya Atlantic, mamita pafupifupi 500 kuchokera kugombe. Anthu onse 30 amene adali m'ndegemo adafa. Mwa iwo mudali osewera mpira 18 a timu ya dzikolo, amene ankapita ku Dakar kukakumana ndi Senegal polimbirana malo ku World Cup ya 1994. Mudalinso mphunzitsi wawo, bambo wa zaka 45, amene mpaka lero palibe wamuposa pomwetsera Zambia zigoli. Dzina lake Godfrey Chitalu.

Ambiri a ife amene tikuwerenga nkhaniyi pafoni tidali tisadabadwe. Kwathu ku Mayani, mukalowa m'nyumba zoonetsera mpira Loweruka madzulo, mkangano umakhala umodzimodzi: Messi kapena Ronaldo? Mukatchula Chitalu, anyamata amakuyang'anani ngati mwatchula dzina la mankhwala. Komatu mbiri ya mkuluyu ikutikhudza, makamaka ife amene tidakhala maso usiku wonse mu June 2024 kudikira uthenga wa ndege yomwe idasowa ku Chikangawa. Moyo wake ukuonetsa mphamvu ya chinthu chimene chalembedwa. Imfa yake ikuonetsa zimene zimachitika anthu akamanidwa zoona.

Chitalu adabadwa pa 22 October 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa ku Copperbelt. Ali mwana ankachitako nkhonya, koma mpira ndiwo udamukoka mtima. Adatchuka ali ku Kitwe United, ndipo sadatchuke ndi zigoli zokha. Adali mnyamata wa mtima wapachala, wosamva kamodzi. Imene imakambidwa kwambiri ndi ya mu 1967: woyimbira masewero atamufunsa dzina kuti amulembe m'kabuku, iye adapereka dzina la Denis Law, katswiri wa Manchester United wa masiku amenewo. Adamutulutsa m'bwalo, ndipo khalidwe lotereli lidamuchititsa kuti aimitsidwe kusewera kwa kanthawi.

Ena akadathera pomwepo. Iye adabwerera atasintha. Mu 1968 adamwetsa zigoli 81 ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'Zambia, ulemu umene adadzaulandira kasanu pamoyo wake: 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Tangoonani kutalikirana kwa zakazo. Kuchokera pa ulemu woyamba kufika pa womaliza padadutsa zaka 11. N'chifukwa chake dzina loti Ucar lidamukhala. Ucar adali mabatire a kampani ya Union Carbide, otchuka ndi kusatha msanga. Dzinali lidafalikira pa wailesi kudzera pakamwa pa Dennis Liwewe, wolengeza mpira wotchuka wa ku Zambia, amene adabadwira kuno ku Malawi.

Mu 1971 adapita ku Kabwe Warriors, timu ya kampani ya sitima zapamtunda, ndipo chaka chotsatira ndi chimene chidamuika m'mbiri. Chidayamba ndi masewero a makalabu a mu Africa, pomwe Warriors idakwapula Majantja ya ku Lesotho 9-0, zigoli zisanu ndi ziwiri zili za munthu mmodzi. Pofika kumapeto kwa 1972, Warriors idali itasesa ligi ndi zikho za m'dzikomo, ndipo Chitalu adapatsidwa mpira wolembedwa dzina lake, chaka, ndi nambala 107. Chithunzi chake atanyamula mpirawo chilipo pa intaneti, mutha kuchifufuza pompano.

Ku timu ya dziko adamwetsa zigoli 79. Adali nawo m'timu yomwe idafika mu fainolo ya Africa Cup of Nations ya 1974 ku Egypt, pomwe Zambia idalepherana ndi Zaire 2-2 kenako n'kugonja 2-0 masewero atabwerezedwa. Amalawi adamuonera pafupi mu 1978, pomwe dziko lino lidachititsa mpikisano wa matimu a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Zambia idathira Kenya zigoli 9 kwa duu, Chitalu n'kukhala womwetsa zigoli zambiri mumpikisanowo, koma mu fainolo timu yathu ya m'badwo wa Kinnah Phiri idapambana 3-2. Mu 1980, ali ndi zaka 32, adamwetsa chigoli ku Olympics ya ku Moscow posewera ndi eni bwalo a Soviet Union. Adapachika nsapato kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 n'kuyamba uphunzitsi ku Kabwe Warriors komweko.

Timu ya dziko adaipatsidwa Zambia itagonja kwa Madagascar kumapeto kwa 1992. Womuthandiza adali Alex Chola, mnzake wakale wa m'bwalo. Anyamata amene adawapeza adali a m'badwo womwe udadabwitsa dziko lapansi pokwapula Italy 4-0 ku Olympics ya 1988 ku Seoul, ndipo anthu ankakhulupirira kuti ulendo uno World Cup siithawa. Masiku awiri ngozi isadachitike, timuyi idagonjetsa Mauritius 3-0 kwawo, zigoli zonse zitatu akumwetsa Kelvin Mutale.

Ndalama zidali zovuta m'Zambia nthawi imeneyo, ndiye timu inkayenda pa ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo m'malo mwa ndege wamba. Ndegeyi siyoyenda mtunda wautali osamwera mafuta, choncho ulendo wa ku Dakar udayenera kuima ku Brazzaville, Libreville ndi Abidjan. Ku Abidjan sadafikeko. Goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Mutale uja ndi anzawo adathera m'madzi. Chola adalinso momwemo, pamodzi ndi Michael Mwape amene ankatsogolera bungwe la mpira la FAZ, dokotala wa timu, komanso mtolankhani amene adapita kuti akalembe za masewerowo. Kalusha Bwalya adapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ndipo adakonza zokakumana ndi anzake ku Dakar.

Taganizirani mmene uthenga wotere unkayendera mu 1993. Kuno kwathu kudalibe wailesi ya kanema, wailesi ya dziko idali MBC yokha, ndipo maganizo a anthu adali pa riferendamu ya pa 14 June. Madala a ku Mayani amene ndimacheza nawo za mpira amati adamva pa wailesi, wina n'kuuza mnzake pamsika, basi. Padalibe chithunzi, padalibe kanema wa pafoni. Ku Lusaka, khamu la anthu lidadzaza bwalo la Independence pa mwambo wa maliro, ndipo matupi adaikidwa pambali pa bwalolo, pamalo omwe lero amatchedwa Heroes' Acre. Mawu a Liwewe, omwe anthu adazolowera kuwamva akukuwa chigoli, adasanduka mawu a maliro.

Misozi itauma padatsala funso limodzi: chidagwetsa ndege n'chiyani? Yankho silidabwere mwezi umenewo, ngakhale chaka chimenecho. Ndiye mukudziwa kale, pamene akuluakulu akhala chete, mphekesera ndiyo imayankhula. Idafala nkhani yoti asilikali a Gabon adaombera ndegeyo poiyesa ya adani. Umboni padalibe, koma nkhaniyo idamera mizu, ubale wa maiko awiriwa n'kuzilala. Zinthu zidafika poipa mu October 1993, pomwe timu yatsopano yomangidwa mozungulira Kalusha inkangofuna kulepherana ndi Morocco ku Casablanca kuti ipite ku World Cup. Idagonja 1-0, ndipo woyimbira adali Jean-Fidèle Diramba, wa ku Gabon. Kwa anthu ovulala kale mumtima, zimenezi zidali ngati mchere pachilonda.

Lipoti la boma la Gabon lidatuluka mu 2003, patadutsa zaka 10. Lidati ndege itangonyamuka injini ya kumanzere idagwira moto, ndipo woyendetsa adazimitsa ya kumanja yomwe idali yabwinobwino, ndege n'kutha mphamvu. Lidatchulanso nyali yochenjeza yomwe siinkagwira bwino ntchito, komanso kutopa kwa woyendetsayo, amene adali atangobwera ndi timu yomweyo kuchokera ku Mauritius. Mulibe mzinga m'lipotimo. Muli ndege yowonongeka ndi munthu wotopa. Koma pomwe linkatuluka, mphekesera idali ndi zaka 10 zakubadwa, ndipo mpaka pano alipo amene amaikhulupirira kuposa lipotilo. Mabanja a malemuwa adachita kupita kukhoti kuti alandire chipukuta misozi, ndipo akhala akupempha boma la Zambia kwa zaka zambiri kuti liwaonetse zonse zimene lidapeza.

Mpira wokha ndiwo udayesa kupukuta misozi. Timu yatsopano ija idafika mu fainolo ya Africa Cup of Nations ya 1994 ku Tunisia n'kugonja 2-1 kwa Nigeria. Kenako pa 12 February 2012, fainolo idachitikira mumzinda womwewo wa Libreville. Masewero asadafike, osewera adapita kugombe kukaponya maluwa m'madzi. Zambia idagonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba 8-7 pa mapenate, Kalusha ali mtsogoleri wa FAZ.

Chaka chomwecho dzina la Chitalu lidadzukanso mwanjira yomwe palibe adaiganizira. Mu December 2012, Lionel Messi adaposa zigoli 85 zomwe Gerd Müller wa ku Germany adamwetsa m'chaka chimodzi, ndipo adamaliza ndi 91. Nyuzipepala za padziko lonse zidati palibe adachitapo zotere. A ku Zambia adati dikirani kaye, n'kutulutsa chithunzi cha mpira wolembedwa 107 uja. Chodabwitsa n'chakuti Müller adamwetsa zigoli zakezo mu 1972, chaka chomwecho cha Chitalu. Wina dziko lonse lidamuwerengera, winayo ayi. FIFA idayankha kuti siisunga kaundula wa zigoli za m'maligi a maiko, kotero singatsimikize za aliyense.

Apa ndi pomwe ntchito ya atolankhani akale idaonekera. Wofufuza wina wa ku Zambia, Jerry Muchimba, adafukula nyuzipepala za 1972 n'kuyamba kuwerenga zigolizo masewero ndi masewero, tsiku ndi tsiku, mpaka adalemba buku la moyo wa Chitalu. Adapezanso kuti zigoli za Majantja zija sizidawerengedwe pa 107 chifukwa zidabwera nyengo ya mpira wa m'dzikomo isadayambe. Sindikunena kuti ligi ya Zambia ya 1972 ikufanana ndi ya Spain ya 2012, ayi. Mkangano umenewo ndi wa m'nyumba zoonetsera mpira, ndipo sudzatha. Chimene ndikunena n'chakuti mkanganowo ulipo chifukwa mtolankhani wina, amene ngakhale dzina lake sitilikumbuka, adakhala pabwalo la Kabwe ndi kabuku n'kulemba amene wamwetsa. Akadapanda kutero, 107 ikadakhala nthano ya madala. Lero bwalo la Kabwe Warriors limatchedwa dzina la Chitalu.

Ndiye muone kusiyana kwake. Zigoli zidalembedwa tsiku lomwelo, ndipo patatha zaka 40 zidadziyankhulira zokha. Chifukwa cha imfa yake chidasungidwa m'madirowa, ndipo malo ake adatengedwa ndi nkhani za m'maluwa.

Ife tidaziona tokha pa 10 June 2024, ndege yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itasowa paulendo wa ku Mzuzu. Idapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Zimene mu 1993 zinkatenga masabata kuti zifale, ulendo uno zidatenga mphindi. Ma voice note a anthu osadziwika, aliyense ali ndi msuweni wake wodziwa zamkati. Zithunzi zoti mwana wa malemu sayenera kuziona zidayenda m'magulu a WhatsApp ngati zoseketsa. Patatha miyezi kudabwera malipoti, la komiti yofufuza yomwe boma lidakhazikitsa komanso la akatswiri a ngozi za ndege a ku Germany. Funso langa kwa anzanga ndi ili: mwa ife amene tidatumiza ma voice note aja, ndi angati adakhala pansi n'kuwerenga ngakhale tsamba limodzi la malipotiwo?

Kukayika si tchimo. Mabanja a ku Zambia adali ndi ufulu wonse wofunsa, ndipo amene adawalakwira ndi amene adawadikiritsa zaka 10. Boma lililonse limene likuchedwetsa zoona lidziwe kuti likulimira mphekesera munda. Koma nafenso tili ndi gawo lathu. Kufunsa lipoti, kuliwerenga ndi kulitsutsa ndi mfundo ndi ntchito ina. Kutumiza mawu a munthu amene sitikumudziwa n'komwe ndi ntchito inanso, ndipo amene amavulala nayo ndi ofedwa.

Foni imene ili m'manja mwanuyo ingathe kugwira ntchito ya mtolankhani wa ku Kabwe uja. Pabwalo la mpira la kwanu, kaya ndi ku Mayani, Linthipe kapena Lobi, pali mnyamata kapena mtsikana amene akumwetsa zigoli sabata ndi sabata popanda wolemba. Lembani tsiku, matimu, zigoli ndi dzina lake, ndipo musunge. Za Chitalu tikuzidziwa lero chifukwa wina adachita zomwezo.