Isaac Watts, m'busa wodwaladwala amene analemba za chimwemwe

Khirisimasi ikamayandikira ndimakumbukira Isaac Watts. Anabadwira ku Southampton, ku England, mu 1674. Ali khanda, bambo ake anali m'ndende chifukwa chokana kupembedza motsatira mpingo wa boma. Mu 1702 anakhala m'busa ku London, koma mu 1712 anadwala kwambiri, zaka zinayi osalalikira. Sir Thomas Abney anamutengera kunyumba kwake kuti akapumuleko sabata imodzi. Anakhala m'banjamo zaka 36, mpaka anamwalira mu 1748. Sanakwatire.

Ine ndine namwino, odwala otere ndimawadziwa: sachira kwenikweni, amangopezako bwino. Ambiri amakhala okhumudwa, ndipo sindiwadzudzula. Koma munali m'zaka zimenezi, mu 1719, pamene Watts anatulutsa nyimbo ya Joy to the World. Sanailembere Khirisimasi ayi. Ankasinkhasinkha Salimo 98, n'kuona kuti Mfumu yobwerayo ndi Yesu. M'nyimbomo mulibe khola, mulibe mphatso. Chimwemwe chake chonse chagona pa kubwera kwa Ambuye.

Chaka chino usiku wa Khirisimasi undipeza kuntchito, kutali ndi kwathu. Ndidzaiimba chamumtima ndikugawa mankhwala.