Archdeacon William Percival Johnson (1854–1928)

Ife a kuno ku Neno tisamawaiwale Bambo Johnson. Anabadwira ku England mu 1854. Atafika ku Nyanja ya Malawi mu 1882, anapeza midzi itasanduka mabwinja chifukwa cha nkhondo ndi malonda a akapolo. Ambiri anali ataphedwa, ena atagulitsidwa, otsalawo akukhala mwamantha. Mnzawo Charles Janson anamwalira atangofika kumene, koma iwo sanataye mtima.

Mu 1884, akubweretsa zitsulo zomangira sitima, anadwala maso ku Quelimane mpaka kuchita khungu. Atalandira chithandizo ku England, diso limodzi linayamba kuona pang'ono, ndipo anabweranso. Sitimayo anaitcha Charles Janson, ndipo inalumikizidwa kwathu konkuno ku Matope mu 1885. Ndi sitima imeneyi anayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuphunzitsa aphunzitsi ndi kumasulira Baibulo m'Chinyanja. Anamwalira ku Liuli mu 1928.

Amayi, iwo anaona anthu osweka mtima ndi diso limodzi lofooka. Ife maso tili nawo onse awiri. Kodi wamasiye amene tayandikana naye nyumba tamuona? Ambuye atithandize.