MBIRI YA HENRY FORD, AMENE ANAPANGIRA ALIMI GALIMOTO

Mwezi uno tikambe za munthu wa ku America, dzina lace Henry Ford. Ambiri a inu munaliona dzina limeneli lolembedwa pa mphuno ya galimoto kapena ya lole yopita mu mseu, koma mwini dzina anamwalira kale, m'caka ca 1947. Woyamba kupanga galimoto sindiye iai. Ulemu umenewo anthu amapatsa Karl Benz wa ku Germany. Ford anapeza galimoto iri coseweretsa ca anthu acuma, naisandutsa ciwiya ca mlimi, monga khasu ndi nkhwangwa. M'mene anacitira cimeneci, ndi m'mene cinthu comweco cinadzamuumitsa mtima pambuyo pace, ndizo tifuna kulongosola pano.

Anabadwa pa 30 July, 1863, pa munda wa atate wace, pafupi ndi mudzi wa Dearborn, m'dera la Michigan. Atate wacewo, William Ford, anacokera ku Ireland m'masiku a njala yaikulu ya dziko lija. Mwanayo sanakonde nchito ya kumunda, ndipo akavalo anamtopetsa. Cimene cinamkondweretsa ndico kumasula wochi ndi kuibwezanso, kotero kuti anansi anayamba kumtengera mawochi ao akufa. M'caka ca 1876 amace anamwalira, ndipo caka comweco anaona pa njira injini ya nthunzi irikuyenda yokha popanda kavalo woikoka. Cinthu cimeneci sicinamcoke mumtima. Atakwana zaka 16 anasiya munda napita ku mzinda wa Detroit kukaphunzira nchito ya makina.

M'caka ca 1888 anakwatira Clara Bryant, mwana wa mlimi, ndipo anabala mwana mmodzi yekha, Edsel, m'caka ca 1893. Masiku amenewo Ford analikugwira nchito yoyang'anira makina a magetsi ku Edison Illuminating Company, ndipo poweruka anali kusula tizitsulo tace kunyumba. Injini yace yoyamba ya petulo anaiyesa m'khichini usiku wofika Khirisimasi, mkazi wace alikudonthezera petulo iye napukusa gudumu. Pa 4 June, 1896, anatsiriza kagalimoto kace koyamba, ka mateyala anai a njinga, kopanda kubwerera m'mbuyo. Pofuna kukatulutsa anapeza kuti khomo la kanyumba kamene anapangiramo lacepa, ndipo anatenga nkhwangwa nagumula khoma.

Zaka zotsatira zinali za kugwa ndi kudzuka. Kampani yoyamba imene anthu acuma anamyambitsira m'caka ca 1899 inatha isanapindule kanthu. M'yaciwiri anakangana ndi eni ndalama nacokamo. Yacitatu, Ford Motor Company, inayamba pa 16 June, 1903, ndi madola 28,000 okha, ndipo m'menemonso munabuka mkangano. Mnzace Alexander Malcomson, wogulitsa malasha, anafuna magalimoto akulu a mtengo wapatali, pakuti pa galimoto imodzi yotere phindu limacuruka. Anapangadi ina ya madola 2,500, pamene wanchito wa m'fakitale analikulandira madola awiri ndi pang'ono pa tsiku. Ford anaganiza mwina. Iye anaona kuti acuma ndi owerengeka, koma alimi ndi khamu losawerengeka, ndi kuti phindu laling'ono lobwera kawirikawiri liposa lalikuru lobwera kamodzikamodzi. M'caka ca 1906 anagula gawo la Malcomson, natsala ndi mphamvu yocita cimene anafuna.

Tsono apa ndipo pali nzeru imene tiyenera kuipenyetsa. Ford sanayambe ndi kufunsa kuti galimoto yokongola ikhale yotani. Anayamba ndi mlimi ndi njira yace. Miseu ya kumidzi ku America masiku ajawo inali ya dothi, matope pa dzinja ndi mikwaso yakuya ya magareta pa cirimwe, ndipo wosula zitsulo anali kutali. Cifukwa cace galimoto ya mlimi inayenera kukhala yotalikira pansi kuti mimba yace isakhudze zitsa ndi miyala, yopepuka kuti amuna awiri kapena atatu aikankhe ikatitimira, ndi yosabvuta mkati mwace kuti mwini wace aikonze yekha ndi sipanala ndi waya. Kupepuka ndi kulimba sizigwirizana kawirikawiri. Koma anapeza citsulo cosanganiza ndi mtundu wina wochedwa vanadium, cimene cikhala colimba ngakhale ciri copyapyala, ndipo anacigwiritsa pa ziwalo zosenza katundu. Mutu wa injini anaupanga woti munthu angathe kuucotsa ndi kuona za mkati. Ciwongolero anaciika ku dzanja lamanzere, pakuti kumeneko amayenda ku mbali ya manja ya mseu, ndipo motero okwera amatsikira kumbali osati pakati pa njira.

Sanacite zimenezi yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anapatula kacipinda m'nyumba ya nchito ya ku Piquette Avenue, natsekeramo amisiri owerengeka, mwa iwo Harold Wills ndi Joseph Galamb wocokera ku Hungary. Iwo anali kujambula ziwalo pa bolodi ndi coko, monga ticita m'sukulu, ndipo Ford anali kukhala pa mpando napenya, nabvomera cina, nakana cina. Maina a amisiriwa samveka kwambiri lero, koma nchito yaikuru inali m'manja mwao. Galimotoyo inatuluka mwezi wa October, 1908, inachedwa Model T, ndipo mtengo wace unali madola 850.

Kupanga cinthu cabwino ndi nchito ina, kucifikitsa kwa ogula ndi inanso; ndipo m'nchito yaciwiriyi Ford anathandizidwa ndi James Couzens, munthu waukali wosunga ndalama za kampani. Iwo anaika ogulitsa m'timidzi tating'ono tomwe, kufikira anakwana zikwi zingapo, ndipo yense analamulidwa kusunga zitsulo zolowa m'malo mwa zothyoka. Ici cinali cacikuru kwa mlimi, pakuti amene njinga yace inakhalapo miyezi itatu pa khonde posowa kacitsulo kamodzi adziwa kuti kugula ndi ciyambi cabe. Anaionetsanso galimotoyo pocita zodabwitsa. M'caka ca 1911 mnyamata wina wa ku Edinburgh, Henry Alexander, anakwera nayo phiri la Ben Nevis, lalitali koposa onse a ku Scotland, kwao kwa Dr. Livingstone, ndipo mbiri yace inamveka ponseponse. M'caka ca 1914 Ford analonjeza kuti akagulitsa magalimoto oposa 300,000 m'miyezi 12 adzabwezera wogula aliyense madola 40 kufikira 60. Anagulitsadi, ndipo anabweza madola 50 kwa wogula aliyense. Koma colalikira cace cacikuru cinali mtengo umene unali kutsika caka ndi caka: madola 360 m'caka ca 1916, ndipo pofika 1925 ya anthu awiri inagulidwa madola 260. Alimi nawo anaipezera nchito zimene mwini wace sanaziganize. Anali kutukula gudumu lakumbuyo, nakolowekapo lamba, ndipo galimoto inali kuceka matabwa, kutunga madzi ndi kupera cimanga, tsiku la Sabata nkunyamula banja lonse kupita nalo ku chalichi.

Mudzafunsa kuti mtengo unatsika bwanji cotero. Poyamba amisiri anali kuzungulira galimoto imodzi iri ciimire, yense kufunafuna zitsulo zace, ndipo kulumikiza thupi lace la pansi kunatha maora 12 ndi theka. M'caka ca 1913, ku fakitale yatsopano ya Highland Park, anatembenuza macitidwewo: anthu anaima pa mzere, galimoto ndiyo inayenda pa unyolo kudutsa pamaso pao, ndipo munthu yense anacita kanchito kamodzi kokha, wina kuika gudumu, wina kumanga msomali wace. Nzeruyi mwina anaitenga ku nyumba zophera ng'ombe za ku Chicago, kumene nyama yopacikidwa inali kuyenda pamaso pa osenda. Nthawi ija inatsika kufikira mphindi 93. Kuyambira 1914 kufikira 1925 magalimoto onse anawapaka utoto wakuda wokha, pakuti unali wochipa ndi wolimba, ndipo mtundu umodzi sucedwetsa nchito. Anamanganso nyumba zolumikizira magalimoto m'maiko ena, ku Manchester m'caka ca 1911, ndi ku Port Elizabeth, ku South Africa, m'caka ca 1924.

Koma munthu sanalengedwe kuti akhale dzino la makina. Kumanga msomali umodzimodzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo, osakhala pansi, osaceza ndi mnzako, kunalemetsa anthu mtima, ndipo anali kuthawa. M'caka ca 1913 kampani inalemba anthu oposa 50,000 kuti isunge anchito ngati 14,000. Pamenepo, mwezi wa January, 1914, Ford analengeza malipiro a madola 5 pa tsiku la maora 8, ndiko kuwirikiza kawiri malipiro akale. Anthu zikwizikwi anasonkhana pa cipata m'cisanu coopsa kufuna nchito, kufikira apolisi anawabalalitsa powathira madzi. Ndalamazo zinali ndi malamulo ace: oyang'anira anali kulowa m'nyumba za anchito kuona ngati munthu samwa mowa, ngati asunga mkazi wace, ngati m'nyumba muli mwaukhondo. Woyang'anira wamkuru wa zimenezi kuyambira 1915 anali mbusa, Samuel Marquis, wa chalichi ca St. Paul's ku Detroit. Mabanja ambiri anathandizikadi. Komatu kudziletsa kumene munthu acita poopa kutaya malipiro sikufanana ndi kuja kocokera mumtima, ndipo mbusayo, poona nkhanza zirikukula m'fakitale, anasiya nchitoyo m'caka ca 1921.

Caka comweco magalimoto oposa theka a onse ogulidwa ku America anali a Ford, ndipo apa ndipo kugwa kunayambira. Kuuma mtima kumene kunampambanitsa pa Malcomson kunamtseka makutu kwa onse. Mmodzi wa anchito ace anasimba kuti m'caka ca 1912, Ford pobwera ku ulendo wa ku Ulaya, anapeza amisiri atapanga mwamseri Model T ina yokongola ndi yofupikira pansi, kuti amkondweretse. Iye anaizungulira ali cete, kenaka anazula zitseko zace ndi manja, naswa galasi, naiononga yonse. Kuyambira pomwepo anthu anaphunzira kukhala cete. Koma dziko linali kusintha, ndipo analisintha ndi Ford yemwe. Miseu inakonzedwa, mlimi amene anagula galimoto yace yoyamba tsopano anafuna yaciwiri yotsekedwa bwino pa mvula, yosagwedeza, ya mtundu wina wosati wakuda. Kampani ya General Motors, motsogozedwa ndi Alfred Sloan, inampatsa zimenezo m'galimoto ya Chevrolet, inamlolanso kutenga galimoto lero ndi kulipira pang'onopang'ono. Ford anadana ndi ngongole, ndipo pa ici sindimtsutsa konse, pakuti ngongole yapasula mabanja ambiri. Iye anakonza njira yace m'caka ca 1923, yakuti munthu aziikiza madola 5 sabata iriyonse ndi kulandira galimoto atatsiriza. Koma owerengeka okha anapirira kudikira.

Mwana wace Edsel, amene anali ndi dzina la mkuru wa kampani kuyambira 1919, anadandaulira atate wace zaka zambiri kuti apange galimoto yatsopano, ndipo atate wace anali kumcititsa manyazi pamaso pa anchito. Pomariza ogula anacepa kotero kuti nkhalambayo inagonja. Mwezi wa May, 1927, atapanga ma Model T oposa 15,000,000, anaimitsa makina. Ndipo popeza sanakonzeretu yolowa m'malo mwace, mafakitale anakhala otseka miyezi yambiri, anchito zikwi makumi angapo ali pakhomo opanda malipiro, kufikira Model A inatuluka mwezi wa December. Ukulu uja wa theka la msika sunabwererenso.

Pali zina zoipa koposa izi, zimene sitiyenera kubisa. Kuyambira caka ca 1920 nyuzipepala yace, Dearborn Independent, inasindikiza mabodza ambiri onamizira Ayuda kuti ndiwo gwero la mabvuto a dziko lapansi, ndipo mabodzawo anamasuliridwa m'zinenero zina nafika ku Germany, kumene Hitler anawalandira ndi manja awiri. Ford anapepesa poyera m'caka ca 1927 atamsumira mlandu, komabe m'caka ca 1938 analandira mendulo ya ulemu yocokera ku boma la Hitler. Munthu amene anali kulowa m'chalichi anaiwala mtundu umene Ambuye wathu ndi atumwi ace anabadwiramo. M'fakitale namonso anaika Harry Bennett ndi gulu lace la anthu ankhonya kuti azizonda anchito. M'caka ca 1932 anthu osowa nchito amene anadza kudzadandaula pa cipata anaomberedwa mfuti ndi apolisi ndi alonda a kampani, ndipo anai anafa tsiku lomwelo. M'caka ca 1937 atsogoleri a bungwe la anchito anamenyedwa koopsa. Ford anabvomera bungwelo m'caka ca 1941, ndipo amanena kuti mkazi wace Clara ndiye anamkakamiza, pokana kuti mwazi ukhetsedwenso.

Edsel anamwalira m'caka ca 1943, wa zaka 49, atadwala nthenda ya m'mimba. Atate wace, wokalamba ndi wofoka nzeru, anatenganso mpando, ndipo kampani inali kutaya ndalama kufikira m'caka ca 1945, pamene Clara ndi mkazi wamasiye wa Edsel anamkakamiza kuupereka kwa mdzukulu wace, Henry Ford II. Pa 7 April, 1947, mtsinje wa Rouge unasefukira nuzimitsa magetsi a nyumba yace ya Fair Lane, ndipo usiku womwewo anamwalira, wa zaka 83, m'cipinda counikidwa ndi makandulo ndi nyali za mafuta, Clara ali pambali pace. Mapemphero a maliro ace anacitikira m'chalichi ca St. Paul's, comwe cija anatumikiramo mbusa Marquis, ndipo anamuika m'manda a makolo ace, pafupi ndi munda umene anabadwira.