ZIRYAB, WOYIMBA WA KU CORDOBA

Kale lomwe, m'mudzi waukuru wa Baghdad, m'dziko la Iraq, munali mnyamata dzina lace Ali ibn Nafi, amene anabadwa ngati caka ca 789. Khungu lace linali lakuda, ndi mau ace okoma ndithu. Cifukwa cace anthu anamucha Ziryab, ndilo dzina la mbalame yakuda yoyimba bwino.

Masiku aja Baghdad unali mudzi wa Khalifa, ndiye mfumu yaikuru ya Aislamu, ndipo pabwalo pace panasonkhana oyimba opambana. Ziryab anaphunzira kwa mkuru wa iwo onse, Ishaq al-Mawsili. Olemba akale asimba kuti tsiku lina Ishaq anamka naye pamaso pa Khalifa Harun al-Rashid. Mnyamatayo anakana coyimbira ca mphunzitsi wace, natenga cimene anadzipangira yekha, nayimba kufikira mfumu inazizwa. Pomwepo nsanje inamgwira Ishaq, namuuza asankhe, kapena kulandira ndalama ndi kucoka m'dzikomo, kapena kukhala ndi kutaya moyo wace. Ziryab anasankha ulendo.

Anakhala nthawi ku Kairouan, m'dziko lochedwa Tunisia lero, kufikira anamuitana al-Hakam, mfumu ya ku Cordoba m'dziko la Spain, kumene Aarabu analamulira. Koma atangooloka nyanja, m'caka ca 822, anamva kuti mfumuyo yamwalira. Akadabwerera wopanda kanthu, koma Abd al-Rahman II, mwana wa malemuyo, anamlandira, nampatsa nyumba ndi ndalama zagolidi 200 mwezi uli wonse.

Coyimbira cimene Aarabu acikonda koposa ndico ud. Mimba yace ikunga dzungu logawidwa pakati, khosi lace ndi lalifupi, ndipo pa nthawiyo cinali ndi mizere inai ya zingwe. Ziryab anaonjeza mzere wacisanu. Anzace anali kukhwacha zingwe ndi kamtengo, koma iye anatenga nthenga ya ciombankhanga, pakuti ndiyo yopepuka, yosadula zingwe msanga.

Nchito yace yopambana inali sukulu. Wofuna kulowamo anayamba wakhala pansi ndi kupfuula ndi mphamvu yace yonse, kuti mphunzitsi amve kukula kwa mau ace. Wa mau ofooka anammanga nsaru pamimba. Wosakhoza kuyasama bwino anampatsa kamtengo akalume usiku, nsagwada zifewe. Kuyimba sikunali masewera kwa iye. Pophunzitsa sanathamanga. Poyamba mwana anaphunzira mau a nyimbo ndi kugunda kwace, ali kuomba kang'oma. Pambuyo pace maimbidwe ace osakometsa. Ndipo potsiriza pace zokometsera zonse. Akuti mwini wace anasunga nyimbo 10,000 m'mutu mwace. Ana ace amuna asanu ndi atatu, ndi akazi awiri, Ulayya ndi Hamduna, anali oyimba iwonso.

Anthu a ku Cordoba anamtsanza ngakhale pa kametedwe, pa zobvala za malimwe ndi za cisanu, ndi pa kumwera m'zikho zagalasi m'malo mwa zagolidi.

Ziryab anamwalira ku Cordoba m'caka ca 857. Aislamu otuluka ku Spain zaka mazana ambiri pambuyo pace anaoloka nazo nyimbo za dziko lija, zochedwa nuba, ndipo ziyimbidwabe ku Morocco, ku Algeria ndi ku Tunisia.