Mfumu Sejong, amene anapatsa alimi a ku Korea malembo

Mfumu Sejong anabadwa m'caka ca 1397, ndipo analowa ufumu wa Joseon ku Korea mu 1418, m'malo mwa atate ake, Mfumu Taejong. Masiku amenewo anthu a ku Korea anali kulemba ndi zilembo za ku China, zimene ndi zikwizikwi ndipo zimatenga zaka kuti munthu azidziwe. Mlimi wamba sanali kutha kulemba ngakhale dandaulo lake kwa oweruza.

Mu 1443 Sejong anapanga malembo atsopano 28, ndipo anawalengeza kwa anthu mu 1446. Lero amachedwa Hangul, ndipo amene akugwira nchito ndi 24. Makonsonanti anawajambula motsanzira ziwalo zolankhulira: ㅁ, amene ndi m, afanana ndi pakamwa, pamene ㄱ, amene ndi g, asonyeza lilime likamatseka kummero. Mavawelo anacokera ku zizindikiro zitatu: kadontho koimira kumwamba, mzere wogona woimira dziko, ndi mzere woongoka woimira munthu.

Mwana wa sukulu ku Vubwi akamaphunzira ba, be, bi, bo, bu amandandalika malembo pamzere. Wa ku Korea amaunjika malembo a phatikizo limodzi m'kabokosi kamodzi: ㅎ, ㅏ ndi ㄴ, kutanthauza h, a ndi n, amakhala 한.

Ena mwa anthu ophunzira sanakondwere. Mu 1444 nduna Choe Manri inalembera mfumu kalata yotsutsa malembowo, poopa kuti dziko lidzapatuka pa mwambo wa ku China. Mfumu sanagonje. Anamwalira mu 1450, ndipo kwa zaka mazana akuluakulu a boma anapitiriza kulemba ndi zilembo za ku China, pamene amai ndi anthu wamba ndiwo anasunga Hangul m'makalata ndi m'nthano.

Dongosolo lakelo linathandiza pamene makompyuta anabwera. Phatikizo lingayambe ndi konsonanti mwa njira 19, vawelo mwa njira 21, ndi kutha mwa njira 28, kuwerengera pamodzi ndi losatha ndi konsonanti. Kuculukitsa zonsezi kumapatsa maphatikizo 11,172. Kuyambira mu 1996, Unicode, ndondomeko imene imapatsa lembo lililonse nambala m'kompyuta, inawaika onse motsatana kuyambira pa 44032, nambala ya 가. Conco kompyuta imapeza nambala ya 한, yomwe ndi 54620, mwa masamu cabe.