Edward Appleton

Sir Edward Victor Appleton (6 Sepitembala 1892 – 21 Epulo 1965) anali katswiri wa fizikisi wobadwira ku Bradford, England. Mu Disembala 1924, iye ndi Miles Barnett ali ku Oxford anatchera mafunde a wailesi ya BBC ochokera ku Bournemouth, ndipo anatsimikiza kuti makilomita pafupifupi 100 m'mwamba muli mpweya wamagetsi wotchedwa ionosphere, umene umabweza mafundewo pansi. Mpweyawu ndiwo umachititsa kuti wailesi zakutali zizimveka ngakhale kwa Dzoole ku Dowa, makamaka usiku. Njira yake yoyezera kutalika ndi mafunde obwerera inathandiza popanga radar. Analandira mphoto ya Nobel mu 1947. Anamwalira ku Edinburgh, kumene ankatsogolera yunivesite kuyambira 1949.