MBIRI YA JOHANNES GUTENBERG, MMISIRI WA MABUKU

Ife a kuno ku Chongoni tidziwa mapanga a ku Chentcherere ndi ku Mphunzi, m'mene anthu akale analemba zithunzi zofiira ndi zoyera pathanthwe. Nchito yao yakhala kufikira lero. Koma thanthwe siliyenda, ndipo wofuna kuziona ayenera kukwera phiri. Mwezi uno tikuuzani za munthu amene anapeza njira yakuti zolembedwa ziyende ndi kufika kumidzi yakutali.

Johannes Gutenberg anabadwa m'mudzi waukuru wa Mainz, m'dziko la Germany, ngati caka ca 1400. Masiku amenewo ku Ulaya mabuku analembedwa ndi manja, ndipo mtengo wace unali waukuru, kotero kuti osauka sanakhoza kugula. Gutenberg anali wodziwa kusula. Anasema cilembo ciri conse pansonga ya citsulo colimba, nacikhomera pamkuwa, napanga cikombole. Ndipo monga ife tiumba njerwa zofanana m'cikombole cimodzi, iye anathiramo mtobvu wosungunuka, naturutsa zilembo zambirimbiri zolingana msinkhu. Anakonzanso inki ya mafuta yomamatira kucitsulo, ndi makina osindikizira onga aja ofinyira mphesa.

Nchito yace yoposa zonse ndiyo Baibulo wa Cilatini, amene anatha ngati caka ca 1455. Pamenepo sanafulumira, kapena kufuna zotsika mtengo. Anaitanitsa pepala lolimba la ku Italy, lopangidwa ndi nsanza za nsaru. Anaika mau m'magawo awiri patsamba, ndipo masamba ambiri ali ndi mizere 42. Kuti mizereyo ithere polingana, monga mizere ya m'munda wolimidwa bwino, anapanga mitundu ya zilembo pafupifupi 290, zina zazikuru thupi, zina zoonda. Anasindikiza mabuku ngati 180, ena papepala, ena pacikopa. Ndipo oposa 40 asungika kufikira lero, inki yace iri yakuda bii.

Koma nchito yotere inadya cuma. Anakongola ndalama zambiri kwa Johann Fust, ndipo m'caka ca 1455 Fust anamsumira mlandu, napambana, natenga zipangizo. Mmisiri analima, wina anakolola. M'caka ca 1465 Bishopu wamkuru wa ku Mainz anamcitira ulemu, nampatsa zobvala, tirigu ndi vinyo caka ndi caka, kufikira anamwalira m'caka ca 1468.

Abale, pamene titsegula Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m'Cinyanja m'caka ca 1922, tikudya zipatso za mtengo umene iye anabzala. Tsono ife oumba mbiya, oluka mikeka ndi opala matabwa, tisamacite nchito yongopusitsa wogula. Ngongole ticenjere nayo. Koma cimene manja athu agwira, ticikonze bwino, pakuti cuma cimatha, nchito yokoma ndiyo ikhalitsa.